Khadi Lobiriwira la a Thomson

Njinga yamoto isanazime n'komwe, Thandiwe anali atakwatiwa kale ndi mwini wake. Mumtima mwake nyumba inali itamangidwa, yamalata, m'tauni ya Lilongwe, makatani oyera akuuluzika pawindo. Mnyamatayo atatsika n'kunena kuti dzina lake ndi Gideon, Thandiwe analitchula dzinalo katatu chamumtima kuti amve kukoma kwake.

Linali Lachitatu m'mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuthamangitsa makoko a chimanga pabwalo la tchalitchi chawo, kamtunda pang'ono kuchokera pa Nsaru. Abusa anali atalengeza kuti Loweruka kubwera dokotala wa maso kudzaona anthu mwaulere, ndiye mpingo upereke anthu khumi odzipereka oti aphunzire kuyeza maso. Woyamba kukweza dzanja anali Thandiwe. Mayeso a Folomu 4 anali atangolemba mwezi wathawo, ndipo kudikira zotsatira pamudzi kunkamuwawa ngati munga wa kuphazi. M'mawa kutunga madzi, masana kuswa mtedza, mawa lake chimodzimodzi.

Gideon, amene anatumidwa kudzawaphunzitsa, anakhomera tchati pakhoma la m'tchalitchi, natambasula chingwe cha mamita sikisi kuchokera pakhomapo, n'kuika mpando pamene chingwe chinathera.

"Amayi ndi abambo," anatero, "dokotala ndi mmodzi, tsiku lakenso ndi limodzi. Sangaone chigawo chonse chino. Inu ndiye sefa yake. Mawa ndi mkuja muyeza anthu. Amene akuona bwino mumpatse khadi lobiriwira, azipita kwawo mokondwa. Amene walephera mumpatse lofiira, ameneyo ndiye adzaonane ndi dokotala Loweruka."

Patchatipo panali chilembo chimodzi chokha, E, chachikulu pamwamba n'kumachepa kumatsika m'munsi. Gideon anati asachitchule kuti chilembo, chifukwa ena sadziwa kuwerenga. Azichitcha katebulo ka miyendo itatu, ndipo woyezedwayo azingoloza ndi dzanja kumene miyendo yaloza, kumwamba kaya pansi, kumanja kaya kumanzere. Diso limodzi lizitsekedwa ndi kakatoni kodulidwa ngati chipande.

"Lamulo langa ndi limodzi basi," anatero atakweza chala. "Musamuthandize munthu. Osanong'oneza, osatsokomola. Ngakhale akhale agogo anu okubalirani amayi anu."

"Nanga akakhala apongozi?" anafunsa mayi Felesita, mtsogoleri wa amayi a Chigwirizano. "Ine ndiima bwanji pafupi ndi apongozi anga n'kumawatseka kumaso? Mukufuna andisamutse pamudzi?"

Tchalitchi chonse chinaseka, Gideon nayenso anaseka, ndipo Thandiwe anaona kuti ali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo. Anakonda kampatako nthawi yomweyo.

Mpaka masana ankayezana okhaokha. Thandiwe anazigwira msanga, n'kumatopa ndi amayi amene ankaiwala diso loti atseke. Kenako Gideon anati akufuna munthu wachikulire weniweni, kuti aone ngati aphunziradi. Pakhonde la tchalitchi panali patakhala akulu a mpingo awiri, akudikira msonkhano wawo. Mmodzi anali a Thomson, bambo ake a Thandiwe. Wina anali a Ezeliya, msuweni wawo, amene chibadwire sanawaonepo a Thomson n'kuwasiya osawaputa.

"Tengani uyu," anatero a Ezeliya akuwakoka dzanja. "Munthu ameneyu dzulo wapereka moni kwa chitsa cha mtengo wa mango. Akuti, mwaswera bwanji amayi?"

"Iwe Ezeliya, chitsacho chinandiyankha bwino kuposa iwe," anatero a Thomson, koma anayesa kubweza dzanja lawo. "Ndili ndi msonkhano ine."

"Msonkhano wake ndi ine ndemwe. Tiyeni, a mlaliki!"

A Thomson ndiwo ankawerenga Mawu pa Sabata kwa zaka zoposa makumi awiri. Anthu ankati akawerenga iwo, ngakhale ana amasiya kulira. Chimwalirire mayi ake a Thandiwe, zaka zitatu zapitazo, nyumba yawo inatsala ya anthu awiri, ndipo ulemu wa paguwa uja ndiwo unkawadzutsa bambowo m'mawa.

Anawakhazika pampando. Gideon anatenga ndodo yolozera n'kukaima patchati. "Thandiwe, ndi bambo anu eti? Atsekeni diso lamanzere."

Thandiwe anagwada kaye pang'ono, kenako n'kuimirira pambali pawo, n'kuika kakatoni pankhope yawo. Gideon analoza chilembo chachikulu chija, chimene mwana akhoza kuchiona ali kumsewu.

Dzanja la a Thomson silinachoke pabondo.

"Miyendo yaloza kuti, bambo?"

Thandiwe anawerama pang'ono. Anayang'ana diso lotsegulalo. Linkangoyendayenda pakhoma, kufunafuna, ngati munthu wofufuza khomo m'nyumba ya eni.

Zinthu zonse zinamubwerera nthawi imodzi. Njinga imene bambo ake anasiya kukwera, n'kumangoikankha, amvekere bondo likuwawa. Kapu ya tiyi imene ankaiphonya pamkeka. Ndiponso Loweruka lililonse masana pansi pa mtengo, akamuitana: "Tabwera, undiwerengere za mawa, ndimve mmene amawerengera ana a Folomu 4." Iye ankawerenga mothamanga kuti amalize, iwo n'kumati, "Tabwereza, pang'onopang'ono." Kawiri, nthawi zina katatu. Iye ankayesa kuti akumunyadira. Chonsecho ankaloweza pamtima, kuti mawa lake akatsegule Buku paguwa n'kumanena zimene sakuziona.

"Ndinanena ine!" anakuwa a Ezeliya kumbuyo. "Bweretsani chitsa chija chimuthandize!"

Amayi anayamba kuseka chobisa pakamwa ndi nsalu. Thandiwe anawayang'ana amayiwo. Bambo ake, mkulu wa mpingo, kusekedwa ndi amayi a Chigwirizano, pamaso pa mlendo, pamaso pa Gideon! Sanaganize n'komwe. Anangokankha kakatoni kaja pang'ono, kukatsetsereza chakumanja pamphumi pawo.

A Thomson anapuma kamodzi. Kenako anakweza dzanja n'kuloza kumanja.

"Eya!" anatero Gideon, n'kutsitsa ndodo.

Kakatoni kanatsetsereka pansi, dzanja linaloza pansi. Kanakwera, dzanja linakwera. Palibe anaona kanthu, chifukwa maso onse anali patchati. Mzere ndi mzere anatsika nawo mpaka tizilembo tating'onoting'ono ta pansi penipeni, timene ngakhale mayi Felesita anatilephera. Diso linalo chimodzimodzi.

Gideon anaomba m'manja. "Awa ndi maso a kabawi! Bambo, pa msinkhu wanuwu sindinaonepo." Analemba dzina lawo pa khadi lobiriwira, loyamba kuperekedwa pampingo wonsewo, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Amayi analulutira. A Ezeliya anapukusa mutu. "Ndiye kuti chitsa chija unkachidziwadi. Chibwenzi chako, eti?"

Pobwerera kunyumba a Thomson ankakankha njinga yawo, Thandiwe ali pambuyo pang'ono. Anadutsa dimba lonse. Atafika pakamlatho, bambowo anaima.

"Zachitika zija n'za ine ndi iwe."

"Koma Ababa, simunaone ngakhale chachikulu chija."

"Ndi fumbi la fodya. Chaka chino tasankha wambiri. Mvula ikagwa m'maso muyera."

"Dokotala akubwera Loweruka. Ndikhoza kungowauza a Gideon kuti..."

"Kuti chiyani? Kuti mkulu wa mpingo wanama m'nyumba ya Mulungu, mwana wake akumuthandiza?" Mawu awo sanali aukali, anali otopa. "Wandivindikira lero, mwana wanga. Usandivundukulenso mawa."

Lachinayi ndi Lachisanu anthu anabwera ngati kumsika. Ena anachokera ku Kabudula pa ngolo, ena wapansi kuchokera kumidzi ya kutsidya. Mzere wa Thandiwe ndiwo unkatha msanga. Sanathandize munthu ngakhale mmodzi. Agogo ena anamuchonderera ndi maso, iye n'kuyang'ana kumbali. A Ezeliya atafika pampando wake analephera mzere wachiwiri womwe, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ndipatse lofiiralo, mwana iwe! Kani wakhungu ndine? Usakawauze abambo ako, andipha ndi mwano."

Anatuluka akulikupiza khadilo m'mwamba ngati mbendera, akuuza aliyense. Thandiwe anawayang'ana mpaka anakhota. Kulephera kunali kophweka chonchi?

Lachisanu madzulo, akupinda chingwe, Gideon anamuyandikira. Ankanunkhira sopo wa m'tauni.

"Thandiwe, munaganizapo za unamwino? Muli ndi dzanja labwino, ndipo simubera. Enawa ndawagwira akunong'oneza azakhali awo. Zotsatira zikatuluka mundiuze, ndidzakulemberani kalata yokuchitirani umboni."

Mawu oti simubera anamulasa, koma mawu oti mundiuze anamukomera kwambiri, chifukwa anabwera ndi nambala ya foni. Anatsegula pakamwa kuti anene za bambo ake. Zimene zinatuluka zinali, "Zikomo kwambiri." Anadziuza kuti anena mawa m'mawa, dokotala akangofika.

Loweruka galimoto yoyera inafika dzuwa litangokwera. Dokotala anali mayi wamfupi wosakonda nkhani zambiri, ndipo anakhazika makina ake m'chipinda cha akulu a mpingo. A Thomson ndiwo anatsegula ndi pemphero, atavala jekete yawo ya pa Sabata, khadi lobiriwira likusuzumira m'thumba la pachifuwa. Anapempherera onse ovutika maso, kuti Ambuye awachitire chifundo.

M'mawa Gideon anali wotangwanika, ndiye Thandiwe anati adikire masana. Masana anamupeza akudya ndi abusa, ndiye sakanatha kulowerera. Chakumadzulo anamupeza yekha kuseri kwa tchalitchi akusamba m'manja, ndipo mnyamatayo anamumwetulira ndi kampata kaja n'kunena kuti, "Namwino wathu!" Thandiwe anamwetulira naye n'kubwerera pamzere wake.

Anthu ena analandira magalasi, ena mankhwala odontheza. Khumi ndi awiri a ng'ala, kuphatikizapo a Ezeliya, anauzidwa kuti galimoto idzawatenga Lolemba kupita nawo kuchipatala m'tauni. Dzuwa litapendeka dokotala analongedza makina ake. Thandiwe anaima pakhomo akuyang'ana galimoto ikutembenuka, ikutuluka pachipata, fumbi lake likukwera kulowera ku Nsaru. Fumbilo litatha m'pamene miyendo yake inathamanga yokha.

Gideon anali akumanga tchati kumbuyo kwa njinga. Thandiwe ananena zonse mopupuluma, mawu akupondana, za kakatoni, za Loweruka pansi pa mtengo, za njinga yokankha. Ankayembekeza kuti akalipiridwa. Gideon anangosiya kumanga, n'kuyang'ana kumsewu kumene galimoto inalowera.

"Ndinakupatsani lamulo limodzi lokha," anatero motsitsa. "Ndipo mwakhala nane pano masiku anayi."

"Ankawaseka."

"Akanawaseka mphindi zisanu, Thandiwe."

Anatulutsa khadi lofiira, n'kulemba dzina la a Thomson atatsamiritsa pa chishalo cha njinga. "Abwere Lolemba ndi anzawowo. Malo ndiwapezera. Matenda a maso si ng'ala yokha, ena sadikira munthu." Anavala chipewa chake osamwetuliranso, n'kupita.

Kunyumba, a Thomson analipapasa khadilo ndi zala, n'kufunsa mtundu wake. Atauzidwa analibweza.

"Ndikakwere galimoto imodzi ndi Ezeliya? Ndikakhale naye mpando umodzi, atandiimbira maso a kabawi sabata yonse? Tiyambe takonza munda. Tikadzala ndidzapita ndekha, mwakachetechete."

Thandiwe akanatha kulira pamenepo. Akanatha kupita kwa abusa, kapena kwa mayi Felesita, amene sankaopa munthu. Koma pansi penipeni pa mtima wake panali kachinthu kamene kanapumula bambo ake atakana. Iwo akanakwera galimoto ija, mpingo wonse ukanafunsa kuti nanga khadi lobiriwira analipeza bwanji, ndipo ukanakumbukira amene anagwira kakatoni. Anabisa khadi lofiira m'buku lake lakale la Bayoloje, n'kudziuza kuti akumvera kholo.

A Ezeliya anabwerako patapita masiku atatu, diso limodzi litamatidwa. Atamasula thonje anayendayenda mudzi wonse kuuza anthu kuti akalamba. "Felesita, makwinya onsewa unali nawo kale? Ine ndimayesa ukadali mtsikana!"

Zotsatira zinatuluka, Thandiwe anakhoza bwino. Nambala ya Gideon anaiyang'ana kambirimbiri koma sanaimbe. Anakonza munda. Mvula inagwa, anadzala. Anati apalire kaye. M'maso mwa a Thomson simunayere. Anasiya kukankha njinga n'kuyamba kuyenda atagwira phewa la mwana wawo, amvekere bondo lakula. Loweruka lililonse Thandiwe ankawerenga, tsopano kanayi, kasanu, osathamanganso, ndipo pa Sabata ankakhala kutsogolo milomo yake ikuyenda limodzi ndi yawo.

Sabata lachiwiri la Januwale kunabwera mbusa wachilendo wochokera ku Nambuma. A Thomson atakwera paguwa n'kutsegula Buku, mlendoyo anadzuka n'kunena mwaulemu kuti Mzimu wamutsogolera kwina, awerenge chaputala china, osati chimene anapatsidwa.

A Thomson anatembenuza masamba. Anatembenuzanso. Phokoso la mapepala linamveka mpaka kumbuyo. Mwana wina analira, mayi ake n'kumutseka pakamwa. Thandiwe anagwira benchi ndi manja onse awiri. Panalibe kakatoni koti akankhe.

Bambowo anatseka Buku pang'onopang'ono, n'kuika manja pamwamba pake.

"Abale anga, ine sindikuona. Chaka chino n'chachiwiri. Ndakhala ndikukunamizani."

Thandiwe anadikira kuseka kuja kumene anakuopa miyezi isanu. Sikunabwere. Amene anadzuka anali a Ezeliya. Anayenda pakati pa mabenchi, anakwera masitepe a guwa, n'kugwira msuweni wawo pamkono.

"Tsika bwino, pali masitepe atatu," anatero mofatsa. "Chitsiru iwe. Ine ndimangocheza."

M'mawa mwake Thandiwe, bambo ake ndi a Ezeliya anakwera minibasi pa Nsaru, khadi lofiira lili m'manja mwa Thandiwe, litapindika m'makona. Kuchipatala anapeza dokotala wamfupi yemwe uja. Anawaunika a Thomson nthawi yaitali, diso ili, diso ilo, kenako anazimitsa kanyali kake n'kutembenukira kwa Thandiwe.

"Si ng'ala iyi. Ng'ala timachotsa, munthu n'kuona, ngati bambo awa. Iyi ndi puresha ya m'diso. Imadya mtsempha pang'onopang'ono, ndipo chimene yadya sichibwerera. Lamanja linapita kale. Lamanzere latsala kuwala pang'ono, tiyesa kukusunga ndi mankhwala odontheza." Anayang'ana tsiku lolembedwa pakhadi. "Ogasiti? Akanayamba mankhwala nthawi imeneyo, mwina bwenzi akuyenda okha lero."

Sananene mokalipa. Anangolemba mankhwala n'kuitana wotsatira.

Pakhonde la chipatala anakumana ndi Gideon atanyamula mafayilo. Anapereka moni kwa akuluakuluwo mwaulemu, kenako anamuyang'ana Thandiwe ngati akufufuza dzina lake m'mutu. "Wa ku Nsaru, eti? Mwabwera nawo." Anaona mmene a Thomson anagwirira phewa lake, ndipo sanafunsenso china. Wina anamuitana, n'kupita. Nyumba yamalata ija inali itagwa kalekale, Thandiwe osadziwa tsiku lake, ndipo anadabwa kuti sinamuwawe n'komwe poyerekeza ndi kulemera kwa dzanja limene linali paphewa pake.

Loweruka lotsatira masana, a Thomson anakhala pansi pa mtengo uja, mankhwala atadonthezedwa kale. Paguwa pankawerenga wina tsopano. Komabe anaitana.

"Thandiwe, tabweretsa Buku."

Anabwera nalo, n'kukhala pamkeka. Potsegula, kanthu kanagwa kuchokera pakati pa masamba n'kugwera paphazi la bambo ake.

"N'chiyani chagwacho?"

Thandiwe anachitola. Dzina lawo linali likuonekabe bwinobwino, m'zilembo zokongola za Gideon. Mawu oti palibe, ndi tsamba chabe la mtengo, anafika mpaka pamilomo, ofewa, okonzeka kale.

"Ndi khadi lija, Ababa. Lobiriwira."

A Thomson anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mphepo. Kumunda chimanga chinkaweyuka ndi mphepo, chobiriwira mpaka kudambo, ndipo Thandiwe anazindikira kuti akuchiona yekha.

"Ndinalakwa ine," anatero Thandiwe. "Ndikanangogwira kakatoni kaja osakagwedeza."

"Iwe unakankha kamodzi. Dzanja linkaloza linali langa." Anatambasula chikhatho, iye n'kuwaikira khadilo. Analisisita ndi chala chachikulu, n'kumubwezera. "Libwezere momwemo, lizitisungira tsamba. Werenga pamene lagwera."

"Kangati?"

"Kamodzi kokha. Ndilibenso choloweza."

Thandiwe anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje kuti zilembo zileke kusambira, n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono.